Mmene Segway Inapezera Kwawo Pagombe la Chicago

Nthaka imene alendo amayendapo ndi ma Segway mumzinda wa Chicago kale inali madzi. Pamene lero pali kapinga wa paki ya Grant, kasupe wamkulu wa Buckingham ndi njira zosalala zopita kunyumba zoonetseramo zinthu zakale, zaka 170 zapitazo pankagavira mafunde a nyanja ya Michigan. Nyanjayi ndi ya madzi opanda mchere, ndipo kukula kwake n'kowirikiza pafupifupi kawiri nyanja ya Malawi, moti munthu akaima pagombe la Chicago saona tsidya lina.

M'miyezi yotentha, kuyambira cha mu Meyi mpaka mphepo ya Okutobala itayamba kuluma, pagombe limeneli pamadutsa timagulu ta alendo titandondozana. Aliyense wavala chipewa choteteza mutu, waima chilili pa kamakina ka matayala awiri oyang'anizana, manja ali pa chogwirira. Patsogolo pali wowatsogolera, amene amacheukacheuka kuwerenga anthu ake. Makina amenewa sanapangidwire ntchito yoonetsa alendo malo. Amene anawapanga ankafuna kuti asinthe mayendedwe a anthu m'mizinda yonse ya padziko lapansi, ndipo zimenezo zinakanika. Chimene chinawapatsa moyo kwa zaka pafupifupi 20 ndi malo onga gombe la Chicago. Gombelo nalonso silinakhale lotseguka mwangozi: analipo anthu amene analimenyera nkhondo Segway isanaganiziridwe n'komwe.

Eni dera limeneli anali anthu a mtundu wa Potawatomi pamodzi ndi mitundu ina yoyandikana nayo. Mlendo woyamba kukhazikika pamathiriro a mtsinje wa Chicago anali Jean Baptiste Point du Sable, munthu wakuda wochita malonda, amene anamanga pamenepo cha m'ma 1780 ndipo mkazi wake anali wa mtundu wa Potawatomi. Pangano la 1833 linalanda eni nthakawo malo awo n'kuwakankhira kumadzulo, kutsidya kwa mtsinje wa Mississippi. Patangotha zaka zitatu, mu 1836, akuluakulu amene ankayang'anira ntchito yokumba ngalande yolumikiza nyanja ya Michigan ndi mtsinje wa Illinois anayamba kudula mapuloti n'kumagulitsa kuti apeze ndalama za ntchitoyo. Kachigawo ka m'mbali mwa nyanja, kum'mawa kwa msewu wa Michigan Avenue, sanakagulitse. Analemba pa mapu kuti malowo ndi a anthu onse, ndipo azikhala otseguka mpaka kalekale, popanda nyumba kapena chotchinga chilichonse. Mawu ochepa amenewo ndiwo mwini nkhani yonseyi.

Kulemba n'kosavuta, kusunga ndiye ntchito. Nyanja inayamba kudya gombe, mzinda unalibe ndalama zomangira khoma lotchinga mafunde, ndipo mu 1852 unalola kampani ya sitima ya Illinois Central kuti iyale njanji yake pa mizati m'madzi momwemo, yokha n'kumanga khomalo. Pakati pa njanji ndi mtunda panatsala thamanda la madzi osayenda. Kenako kunabwera moto wa mu Okutobala 1871, umene unapha anthu pafupifupi 300 n'kusiya ena pafupifupi 100,000 alibe pogona. Njerwa zogumuka, phulusa ndi zitsulo zopindika anazikankhira m'thamanda lija, ndipo mtunda watsopano unayamba kukula. Pofika 1890 malo olonjezedwa aja anali dzala: zisakasa, makola a akavalo, milu ya zinyalala ndi utsi wa sitima.

Munthu amene anakana kuzolowera zimenezi anali Aaron Montgomery Ward, wamalonda amene analemera pogulitsa katundu kudzera pa positi kwa alimi akutali. Ofesi yake inali pa Michigan Avenue, windo lake loyang'ana kunyanja. Mu 1890 anakasuma kukhoti kuti mzinda uchotse nyansizo ndi kulemekeza mawu a pa mapu aja. Anasuma kanayi m'zaka pafupifupi 20, akulipira maloya ndi ndalama za m'thumba mwake, ndipo kanayi konse khoti lalikulu la chigawo cha Illinois linamuikira kumbuyo. Mlandu umene unamudanitsa ndi anthu kwambiri unali womaliza. Marshall Field, mwini sitolo yaikulu mumzindawo, anamwalira mu 1906 atasiya madola 8 miliyoni kuti amangire nyumba yoonetseramo zachilengedwe, ndipo akuluakulu ankafuna kuti nyumbayo ikhale pakatikati pa malowo, amene lero ndi paki ya Grant. Ndani angakane mphatso yotere? Ward anaikana. Manyuzipepala anamunyoza kuti ndi wouma mutu wotsekereza chitukuko, anzake olemera anamufulatira, koma iye ankanena kuti akumenyera anthu osauka amene analibe dimba kapena bwalo lopumirako mpweya. Anamwalira mu 1913 anthu ambiri asanamuthokoze. Nyumba ya Field inakamangidwa kumwera, kunja kwa malire a pakiyo, ndipo inatsegulidwa mu 1921.

Ine ndimamulemekeza munthu ameneyu chifukwa chimene ankakana sichinali choipa. Kukana dzala n'kosavuta. Kukana nyumba yokongola ya maphunziro, podziwa kuti ikaloledwa imodzi zina zidzatsatira, kumafuna mtima wina. Ndipo kuuma mutu kwakeko ndi kumene kunayala malo mmene alili lero: paki ya mahekitala pafupifupi 130 yopanda nyumba zitalizitali, zinthu zokopa alendo zili motalikirana, zina kumpoto, zina kumwera. Kutalikirana kumeneku n'kumene kunadzabala malonda a Segway.

Zonyamula alendo pa matayala pagombeli si zachilendo ayi. Pa chionetsero chachikulu cha padziko lonse cha 1893, chimene chinachitikira ku Jackson Park, kumwera kwa mzindawu, malo anali aakulu mahekitala oposa 240, ndipo miyendo ya anthu inkatha. Amene anali ndi kangachepe ankalipira mpando wa matayala wokankhidwa. Ambiri mwa okankhawo anali anyamata a m'makoleji ofunafuna ndalama za fizi, ndipo pokankha ankafotokozanso kuti nyumba iyi ndi ya chiyani, uko kuli chiyani. Pa doko lolowa m'nyanja panalinso njira yoyenda yokha, imene munthu ankangoimapo kapena kukhalapo n'kumatengedwa. Patapita zaka 40, pa chionetsero cha 1933, ophunzira enanso ankakoka alendo m'tingolo ta matayala awiri. Choncho wotsogolera alendo pa Segway ali ndi makolo ake pantchitoyi, kungoti iye sakankha kapena kukoka munthu.

Daniel Burnham, amene anayang'anira zomangamanga za chionetsero cha 1893, anatulutsa pulani ya mzinda wonse mu 1909 pamodzi ndi Edward Bennett, ndipo mfundo yake ina yaikulu inali yoti gombe lonse likhale la anthu wamba. Kuchokera pamenepo zinthu zinamangidwa motsatizana pa nthaka yokwiriridwa m'nyanja: doko la Navy Pier mu 1916, bwalo la masewera la Soldier Field mu 1924, kasupe wa Buckingham mu 1927, ndipo mu 1930 nyumba ya nsomba ya Shedd ndi nyumba yoonetsera nyenyezi ya Adler.

Koma mawu oti la anthu onse sankakhudza onse mofanana. Pa 27 Julayi 1919, mnyamata wakuda wa zaka 17, Eugene Williams, ali m'madzi ndi anzake pafupi ndi gombe la 29th Street, anatengeka n'kudutsa malire osaoneka ndi maso amene azungu ankati akuda asamadutse. Mzungu wina anayamba kuwagenda ndi miyala, ndipo mnyamatayo anamira. Wapolisi anakana kumanga wogendayo. Chipolowe chimene chinabuka chinatha sabata, ndipo anthu 38 anafa, 23 akuda ndi 15 azungu. Malo amenewo ali makilomita ochepa chabe kumwera kwa Soldier Field, kumene maulendo ambiri a alendo amatembenukira kubwerera. Mbiri ya gombeli siikwanira popanda tsiku limenelo.

Tsopano makina aja. Dean Kamen, wogwirira ntchito ku Manchester m'chigawo cha New Hampshire, anatchuka poyamba ndi zipangizo zachipatala, monga kapampu kovala pathupi kolowetsa mankhwala pang'onopang'ono ndi makina osefa magazi ogwiritsa ntchito kunyumba. Kampani yake ya DEKA inapanganso njinga ya olumala yotchedwa iBOT, yotha kukwera masitepe ndi kuima pa matayala awiri kuti wokhalapo aziyang'anana maso ndi maso ndi anthu oimirira. Luso loimika chinthu pa matayala awiri osagwa ndi limene analitenga n'kupangira makina a munthu aliyense. Ntchitoyo inkachitika mwachinsinsi pa dzina loti Ginger. Mu Januwale 2001 mphekesera zinatuluka, zoti anthu ngati Steve Jobs ndi Jeff Bezos aona chinthu chodabwitsa, ndipo chaka chonsecho anthu ankangoganizira kuti n'chiyani. Ena ankati chimauluka. John Doerr, mmodzi mwa amene anaikamo ndalama, ananeneratu kuti kampani yogulitsa makinawo idzafika pa malonda a madola 1 biliyoni mofulumira kuposa ina iliyonse. Kamen mwiniwake ankati makinawo adzachita kwa galimoto zimene galimoto inachita kwa ngolo ya akavalo.

Anawaonetsa pa 3 Disembala 2001 pa pulogalamu ya m'mawa ya pa TV yotchedwa Good Morning America. Luso lake linali lenileni. Pansi pa popondera pali timasensa tisanu tozindikira kuzungulira ndi tina tiwiri tozindikira kupendekeka, ndipo kompyuta imatifunsa maulendo 100 pa sekondi imodzi n'kulamula ma mota a matayala. Munthu akaweramira kutsogolo, matayala amathamangira pansi pake kuti asagwe, akapitiriza kuwerama iwonso amapitiriza kuthamanga, ndiye kuyendako. Akabwerera m'mbuyo pang'ono, makina amaima. Zili ngati mmene amachitira mayi wosenza ndowa yodzaza popanda kuigwira: khosi ndi chiuno zimakonza kupendekeka kulikonse madzi asanatayike, mwiniwake osaganizirako. Palibe buleki, palibe popondera moto. Liwiro lake limathera pa makilomita 20 pa ola.

Vuto linali loti aigula ndani, ndipo aziyenda nayo pati. Itayamba kugulitsidwa pa Amazon mu Novembala 2002, mtengo wake unali madola 4,950, ndalama zogulira galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito. Inali yolemera moti kuikweza masitepe inali ntchito, mvula ikagwa wokwerayo ankanyowa, ndipo panalibe poika katundu wambiri. Kampaniyo inayendayenda m'nyumba za malamulo mpaka zigawo zoposa 30 za Amereka zinavomereza kuti iziyenda m'njira za anthu oyenda pansi, koma mzinda wa San Francisco unailetsa m'njira zimenezo chakumapeto kwa 2002, okalamba ndi anthu osaona atadandaula. Ku Britain lamulo lakale la 1835 linaitsekera njira za oyenda pansi, pamsewu n'kukhalanso yosaloledwa. Mu Juni 2003 pulezidenti George W. Bush anajambulidwa akupepesuka pa Segway ku Kennebunkport, ndipo zithunzizo zinafika paliponse. Mu Seputembala chaka chomwecho kampaniyo inaitanitsa makina onse kuti akakonzedwe, chifukwa batire ikatsala pang'ono kutha ankatha kugwetsa munthu. Apa m'pamene chinsinsi chinaululika: onse amene anali atagulitsidwa anali pafupifupi 6,000, pamene fakitale ya kampaniyo ya ku Bedford inamangidwa moti izitha kutulutsa 40,000 pa mwezi. Mu 2006 anaitanitsanso pafupifupi 23,500 chifukwa cha vuto la pulogalamu limene linkatha kubweza matayala m'mbuyo mwadzidzidzi.

Amene anaipeza yothandiza anali a mitundu iwiri: apolisi ndi alonda oyendera mabwalo a ndege ndi masitolo akuluakulu, ndiponso anthu oonetsa alendo malo. Maulendo oyamba otchuka anayamba ku Paris mu 2003, ndipo m'zaka zochepa anafalikira ku Washington, Chicago, San Francisco ndi mizinda ina yambiri. Masamu ake anali omveka. Munthu amene sakanatulutsa madola 5,000 kugula makinawo ankalipira mokondwa madola makumi angapo kuti awalawe maola awiri kapena atatu. Makina amodzi ankatha kunyamula anthu angapo pa tsiku. Kulemera kwake sikunalinso vuto chifukwa ankagona pamalo amodzi ali pa chaji. Ndipo manyazi amene munthu ankamva poyenda yekha pa Segway kupita kuntchito, anthu akumuloza, ankatheratu akakhala pagulu la alendo anzake.

Ku Chicago makinawa anafika pa nthawi yake. Mu 1996 mzinda unasuntha mbali imodzi ya msewu waukulu wa Lake Shore Drive, imene inkadutsa pakati pa nyumba ya Field ndi ya Shedd, ndipo mu 1998 nyumba ziwirizi pamodzi ndi ya Adler zinalumikizana pa bwalo limodzi la kapinga lotchedwa Museum Campus. Usiku wa pa 30 Malichi 2003, meya Richard M. Daley anatumiza akatapila kukakumba zilembo za X pa msewu wa ndege wa Meigs Field osachenjeza aliyense, ndege zina zili chiimire pabwalopo. Kachitidwe kake kanali kankhanza ndipo boma linalipiritsa mzindawo chindapusa, koma malowo, Northerly Island, lero ndi paki. Mu Julayi 2004 paki ya Millennium inatsegulidwa pamwamba pa njanji zakale zija za Illinois Central. Mwadzidzidzi panali njira yosalala, yathyathyathya, yopanda magalimoto ambiri, kuchokera pakati pa mzinda mpaka kunsonga kumene kuli nyumba ya Adler. Mtunda wake ndi makilomita oposa 3 kupita kokha. Kwa munthu wamkulu, kapena banja lokhala ndi tsiku limodzi lokha mumzindamo, dzuwa la Julayi lili pamutu, ulendo wopita ndi kubwera wapansi ndi wautali. Basi ya alendo siingalowe m'pakimo. Segway inadzaza mpata umenewo ndendende.

Ulendo uliwonse umayamba ndi sukulu. Mlendo amasaina kalata yovomereza kuti akavulala sadzaimba mlandu kampani, amasankha chipewa chomukwana, kawirikawiri amaonera kakanema ka malangizo, kenako amapita pabwalo. Makinawa anapangidwira munthu wolemera pakati pa makilogalamu 45 ndi 118, choncho ana aang'ono saloledwa. Wophunzitsa amaima kutsogolo atagwira chogwirira, mlendo n'kuponda ndi phazi limodzi, kenako linalo. Apa ndi pamene pamaoneka mtima wa munthu. Pafupifupi aliyense amaumitsa mawondo, amayang'ana mapazi ake, ndipo makina amayamba kugwedera kutsogolo ndi kumbuyo chifukwa akuyankha mantha ake onse. Akayesa kudziwongola, kugwederako kumakula. Wophunzitsa amamuuza kuti akweze maso ayang'ane patali, amasule mawondo, asiye kulimbana nawo. Pakapita masekondi angapo kugwedera kuja kumangoti zii, munthu n'kuima duu pa matayala awiri, nkhope itamasuka. Ambiri amaseka. Agogo amene ankakana kukwera amatha kuzolowera msanga kuposa mdzukulu wawo wodzikhulupirira.

Zina zimatsatira. Makina oyamba ankakhota munthu akapotokola chogwirira cha kumanzere, ndipo anali ndi makiyi atatu: wakuda wa ophunzira, wachikasu, ndi wofiira wa liwiro lonse. Kuyambira 2006, pa mtundu wa i2, munthu amangopendeketsa mtengo wa chogwirira kumene akufuna kupita, ndipo ophunzira amayambira pa liwiro lochepa limene chizindikiro chake ndi kamba. Munthu akafuna kupitirira malire, chogwirira chimabwerera n'kumukankha pamimba kuti awongoke. Pakakhala vuto chimanjenjemera n'kulira, ndipo pamenepo ayenera kutsika msanga. Malangizo amene otsogolera amabwereza kwambiri ndi a matayala: makinawa ndi otambalala kuposa mmene wokwera amaganizira, ndipo tayala limodzi likagunda mwala wa m'mbali mwa njira, mtengo kapena tayala la mnzake, makina amazungulira n'kumutaya munthu pansi. N'chifukwa chake amayenda mondondozana atasiya mpata. Chimene palibe amene amachiyembekezera ndi mapazi. Munthu akaima malo amodzi ola lathunthu osasuntha, mapazi amachita dzanzi, ndipo wotsogolera wodziwa ntchito amaimitsa gulu kuti anthu atsike awongole miyendo.

Poima pamenepo m'pamene amagwira ntchito yake yeniyeni. Pa kasupe wa Buckingham amafotokoza kuti Kate Buckingham anamupereka pokumbukira mlongo wake Clarence, kuti kasupeyo akuimira nyanja ya Michigan, ndipo magulu anayi a akavalo a m'madzi akuimira zigawo zinayi zogundana ndi nyanjayo: Illinois, Indiana, Michigan ndi Wisconsin. Ola lililonse likakwana, madzi a pakati amatumphuka mamita pafupifupi 46 kwa mphindi 20, ndipo wotsogolera wochenjera amawerengera nthawi kuti gulu lake lifike pomwepo. Chakumwera kuli bwalo limene Barack Obama analankhulira kwa khamu usiku wa pa 4 Novembala 2008 atapambana chisankho. Kumapeto kwa paki kuli zifaniziro 106 zachitsulo zopanda mitu za Magdalena Abakanowicz wa ku Poland, zimene zinaikidwa mu 2006. Pa nyumba ya Field amatchula Sue, mafupa a chilombo chakale cha mtundu wa Tyrannosaurus rex amene anagulidwa mu 1997 pa madola oposa 8 miliyoni. Pa nyumba ya Shedd amasimba zoti madzi amchere a nsomba zoyamba anabwera pa sitima kuchokera ku Key West, ku Florida. Pa Soldier Field amaloza chimphika cha galasi ndi chitsulo chimene anakhazika mkati mwa nsanamira zakale mu 2003, chimene chinachititsa kuti bwalolo lichotsedwe pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko mu 2006. Ndipo kunsonga, pa nyumba ya Adler, aliyense amatembenuka kuyang'ana kumene achokera: mzinda wonse uli ndondondo kuseri kwa madzi, nsanja ya Willis ya mamita 442 ili pakati pake.

Pali amene amanyoza ulendo wotere kuti ndi chidole cha anthu aulesi. Sindigwirizana nawo. N'zoona kuti alendo ambiri amabwera chifukwa cha makinawo, ndipo theka la ola loyamba maso awo amakhala pa matayala osati pa mzinda. Koma mantha akatha, munthu ali panja, mphepo ya kunyanja ikumuomba, akumva fungo la madzi, akutha kuima n'kufunsa funso. Zimenezo sangazipeze kuseri kwa galasi la basi. Kwa anthu amene mawondo kapena mtima siziwalola kuyenda mtunda wautali, koma atha kuimirira, makinawa anawatsegulira malo amene akanangowaonera patali. Mtengo wa ulendowo uli mwa wotsogolera. Wina amangothamangitsa gulu kuchoka pojambulira chithunzi apa kupita apo. Wina amatchula dzina la Ward.

Dandaulo la eni mzinda nalonso ndi lomveka. Njira ya m'mbali mwa nyanja, yotalika makilomita pafupifupi 29, ndi msewu wa anthu opita kuntchito pa njinga, othamanga, amayi okankha ana. Mzere wa alendo osadziwa bwino kuima ukatsekereza njira, mitima imakwera. Kuchulukana kunafika poti mu 2017 ndi 2018 njirayo anaigawa pawiri, ina ya njinga, ina ya oyenda pansi. Mizinda ya misewu yopanikizana inalephera kupirira: mu 2016 Prague inaletsa ma Segway pakati pa mzinda wakale, ndipo Barcelona inawachotsa m'mbali mwa gombe m'miyezi ya alendo ambiri. Ku Chicago anakhalabe, chifukwa chachikulu n'chakuti malo alipo.

Kampani yopanga Segway inkangosinthasintha eni. Chakumapeto kwa 2009 inagulidwa ndi Jimi Heselden wa ku Leeds, amene anayamba ngati wokumba malasha n'kudzalemera ndi makoma a mchenga otetezera asilikali ndi kutchinga madzi osefukira. Pa 26 Seputembala 2010, ali pa Segway pafupi ndi kwawo ku Yorkshire, anagwera kuphompho mumtsinje wa Wharfe n'kufa ali ndi zaka 62. Ofufuza anapeza kuti mwina ankabwerera m'mbuyo popatsa njira munthu woyenda ndi galu. Anthu ambiri mpaka lero amaganiza kuti amene anafayo ndi amene anapanga makinawo, ndipo otsogolera alendo amakhalira kukonza bodza limeneli. Mu Epulo 2015 kampaniyo inagulidwa ndi Ninebot ya ku Beijing, imene miyezi ingapo m'mbuyomo Segway yomweyo inkaiimba mlandu wobera luso lake. Mu Ogasiti chaka chomwecho, ku Beijing komweko, wojambula wa pa TV amene anali pa Segway anakolopola Usain Bolt miyendo atangopambana mpikisano wa mamita 200.

Gombe nalo silinasiye kuyesedwa. George Lucas, wopanga mafilimu a Star Wars, anafuna kumanga nyumba yake yoonetseramo zinthu pamalo oimika magalimoto kumwera kwa Soldier Field, meya Rahm Emanuel akumuchemerera. Bungwe la Friends of the Parks linakasuma, ponena kuti nthaka yokwiriridwa m'nyanja ndi ya anthu onse ndipo siingaperekedwe kwa munthu mmodzi. Linanyozedwa ndi mawu onga amene ananyozera Ward, akuti likukana mphatso ndi ntchito pofuna kuteteza poimika magalimoto. Mu Juni 2016 Lucas anatopa n'kuisiya Chicago, ndipo pambuyo pake anapita ndi nyumba yake ku Los Angeles.

Pa 26 Malichi 2020, matenda a Covid-19 atavuta, meya Lori Lightfoot anatseka gombe lonse, ndipo maulendo a alendo anaima. Njira ya m'mbali mwa nyanja inatsegulidwanso pa 22 Juni. M'sabata yomweyo kunamveka kuti fakitale ya ku Bedford isiya kupanga Segway ya matayala awiri oyang'anizana mu Julayi, antchito 21 n'kuchotsedwa. M'zaka zonse kuyambira 2001 anagulitsidwa makina pafupifupi 140,000, ndipo pomalizira ankabweretsa ndalama zosakwana 2 pa 100 iliyonse imene kampaniyo inkapeza. Dzina la Segway linapitirira pa tinjinga tamagetsi totsika mtengo ta tayala kutsogolo ndi kumbuyo, timene anthu amabwereka pa foni m'mizinda yambiri. Ku Chicago timeneti tinayesedwa koyamba mu 2019, koma mzinda unatiletsa kuyenda m'njira ya m'mbali mwa nyanja.

Makampani oonetsa alendo amene sanatseke anapitiriza ndi makina amene anali nawo kale, ena n'kuwonjezera maulendo a pa njinga. Segway ndi yolimba, ndipo eni ake ena ananena kuti kulimba komweko n'kumene kunachepetsa malonda, poti wogula sankabweranso kudzagula ina. Chimene chimatha ndi batire. Masiku ano pali amisiri amene ntchito yawo ndi kutsegula mabatire akale n'kuikamo timabatire tatsopano, ndipo makampani amagula makina ogwiritsidwapo kale ntchito kwa apolisi ndi kwa anzawo amene anasiya malondawa, ena kuti aziyenda, ena kuti azichotsako zitsulo zokonzera anzawo.